Njinga ya magiya obisika m'habu, chaka ndi miyezi inayi ndili nayo

Funso lomwe ndafunsidwa kwambiri chiigulireni njinga iyi ndi lakuti, kodi ilibe magiya? Munthu amasuzumira kugudumu lakumbuyo, saona timano tambirimbiri tosanjikizana tija, saona kachitsulo kolendewera komwe kamakankha tcheni, nde amangoti aaa munagula ya giya imodzi ngati ya agogo. Magiya alimo 8 abale, angobisala mkati mwa habu, m'chibotolo chachitsulo chonenepa chili pakati pa gudumucho. Ndaipalasa chaka ndi miyezi inayi tsopano, masiku asanu pa sabata, makilomita 9 popita kuntchito ndi 9 pobwera, kaya mvula kaya dzuwa, nde ndikuona kuti ndafika poti nditha kunenapo zanga osati zongomva kwa ogulitsa.

Njinga yanga yakale inali ya mtundu uja wokwerera mapiri, magiya 21, matayala okhakhala ngati a thirakitala. Ndinaigula poti inkaoneka yaukali basi, phiri sindinakwerepo nayo ngakhale limodzi kkkk. Pa magiya 21 aja ndinkagwiritsa anayi mwina asanu, enawo anali ongoperekeza. Koma chomwe chinanditopetsa kwenikweni ndi uve wake. Buluku lililonse linali ndi chidindo chakuda cha oilo kumwendo wamanja, mvula ikagwa tayala lakumbuyo linkandilemba mzere wamatope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, ndipo tcheni inkachita kusankha tsiku lomwe ndachedwa kuti igwe. Khosi ndi zikhatho nazo zinkaphwanya chifukwa chowerama ulendo wonse mutu utadzutsidwa kuti uone kutsogolo. Tsiku lina njinga inagwa pomwe ndinaitsamiritsa, derailleur, kachitsulo kolendewera kokankha tcheni posintha magiya kaja, nkupindika osadziwa ine, nditangoyamba kupalasa inalowa m'masipoko nkuthyola atatu. Ndinaikankha mpaka kunyumba ndikung'ung'udza, ndipo tsiku lomwelo ndinati zakwana.

Yomwe ndili nayo pano ndi ija umakhala mowongoka ngati uli pampando, mahandulo okhotera kwa iwe, felemu yachitsulo, madigadi kutsogolo ndi kumbuyo, kaliyala, tcheni yotsekeredwa mu bokosi lake, magetsi a dainamo. Anthu amaitcha ya chi Dutch poti ku Netherlands ndi komwe zadzadza, makampani ngati Gazelle ndi Batavus akhala akupanga zoterezi kwa zaka zoposa 100, ku England kuli Pashley. Yangayi si ya mayina amenewa ayi, ndipo dzina lake silofunika chifukwa pa njinga zamtunduwu chomwe ukugula kwenikweni ndi habu, mabuleki ndi kakhalidwe kako pachishalo, dzina la pafelemu ndi penti chabe nthawi zambiri.

Za kukhala mowongoka ndinene mosabisa, sabata yoyamba ndinkadziona ngati chitsiru. Umakhala pamwamba zedi, ukuona pamwamba pa magalimoto ang'onoang'ono, oyendetsa nawo amakuona bwino, kucheuka kuti uone kumbuyo sikuvuta, zikhatho sizinyamula kalikonse. Khosi linasiya kupweteka mmasiku ochepa. Koma thupi lonse limatsamira pachishalo, nde chishalo chikakhala choipa uchidziwa msanga. Chomwe chinabwera ndi njingayi chinali chofewa ngati pilo, m'sitolo chinkakoma, koma ukapalasa mphindi 30 siponji ija imaphwa nkuyamba kukanikiza malo osayenera. Ndinasintha nkuika chotakata cholimbirako chokhala ndi masipuling'i pansi, nkhani inathera pomwepo. Ndipo mphepo, eee mphepo. Ukakhala mowongoka chifuwa chako chimasanduka chitseko, mphepo ikamachokera kutsogolo umachita kulimbana nayo, anyamata owerama aja amakudutsa ngati waima. Amene akufuna liwiro asiyire pompano kuwerenga, njinga iyi si yake.

Tsopano habu. Mkatimo muli timagiya tozungulirana, kamodzi kali pakati pa ekiselo, tina tikuzungulira kapakatiko, ndiye mkombero wamano ukuzinga tonseto. Ukasintha giya, kebulo imasuntha tizitsulo tomwe timasankha kuti mphamvu ya mwendo wako idutsire njira iti, tcheni yokha siisuntha, imangokhala pa sipuloketi imodzi, kagudumu kamano kakumbuyo kaja, moyo wake wonse. Si nzeru yatsopano ayi, Sturmey-Archer anayamba kupanga mahabu otere ku Nottingham mu 1902, ndipo habu yawo ya magiya atatu yotchedwa AW inatuluka mu 1936, zina zopangidwa zaka 50 kapena 60 zapitazo zikuyendabe mpaka lero zikungothiridwa timadontho ta oilo pa kabowo kake. Kampaniyi inagulidwa ndi SunRace ya ku Taiwan mu 2000 koma dzina likadalipo. Yomwe ili panjinga yanga ndi Shimano Nexus ya magiya 8, yomwe ndi yofala kwambiri pa njinga zopitira kuntchito masiku ano.

Chinthu chomwe sindingathenso kukhala popanda ndi kusintha giya utaima. Aliyense wopalasa mumsewu wodzadza akudziwa mavuto aja, ukuthamanga pa giya yolemera, mwadzidzidzi maloboti afiira kapena wina wakudulira kutsogolo, waima, nde ponyamuka uyenera kuimirira pamapedulo ukugwedezeka uku wa galimoto kumbuyo akuimba hutala. Pa derailleur sungasinthe tcheni isakuyenda. Pa habu umangopotokola chosinthira uli chiimire, kuchoka pa 6 kufika pa 2, kwabiriwira wanyamuka mopepuka ngati palibe chachitika. Panjira yanga ndimaima kokwana ka 11, ndinawerenga tsiku lina chifukwa chosowa chochita, nde tangoganizani. Chimodzi chokha choti uzolowere, posintha uli paulendo umafewetsa mwendo pang'ono, kamphindi kochepa chabe, chifukwa ukasintha ukukankha ndi mphamvu zonse pachitunda habu imakana kapena imalowa ndi phokoso loti khwa! lomwe limakupweteka mumtima. Masiku oyamba ndinkaiwala, pano mwendo umadziwa wokha.

Apa nde pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa pogula. Amafunsa kuti ili ndi magiya angati. Funso labwino ndi lakuti giya yopepuka kwambiri ndi yopepuka bwanji, ndipo kuchokera pa yopepuka kufika pa yolemera pali mtunda wotani. Opanga amalemba zimenezi m'maperesenti. Sturmey-Archer AW ya magiya atatu ndi 177, kutanthauza kuti giya yachitatu imakuyendetsa pafupifupi kawiri kuchepera pang'ono poyerekeza ndi yoyamba ukapalasa kamodzi. Nexus ya atatu ndi 186, ya 7 ndi 244, ya 8 ndi 307, Alfine ya 11 ndi 409, ndiye pali Rohloff ya ku Germany ya magiya 14 yomwe imafika 526, imeneyo inatuluka mu 1998 ndipo ndi ya anthu oyenda maulendo ataliatali atasenza katundu, kuigulira ulendo wa kuofesi nkupha ntchentche ndi nyundo. Palinso Enviolo, kale inkatchedwa NuVinci, yomwe ilibe masitepe a magiya konse, umangopotokola ngati voliyumu ya wailesi, ndinayesako ya mnzanga, imakoma koma ndi yolemerako ndipo ndinkamva ngati mphamvu ina ikutayikira mkatimo.

Koma maperesenti aja sakuuza zonse, chifukwa poyambira pake pamadalira mano a kutsogolo ndi a kumbuyo. Ndikupatseni masamu anga enieni. Njinga inabwera ndi mano 38 kutsogolo, 16 kumbuyo, gudumu likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.2. Pa Nexus 8 giya yachisanu ndi ija yolunjika, habu siichulukitsa kapena kuchepetsa kalikonse, nde kupalasa kamodzi kunkandiyendetsa mamita 5.2. Giya yoyamba imachepetsa kufika pa 0.527, kutanthauza mamita 2.75, ya 8 imachulukitsa ndi 1.615, mamita 8.4. Tsono mamita 8.4 ukamapalasa ka 70 pamphindi ndi liwiro la makilomita 35 paola, ndani amafika 35 pamalo athyathyathya atakhala mowongoka chikwama cha laputopu chili pakaliyala? Giya 7 ndi 8 zinkangogona tulo, pomwe pachitunda chomwe chili chakumapeto kwa njira yanga ndinkafika pa 1 nkumapotokolabe chosinthira kufuna ina yomwe kulibe. Ndinasintha sipuloketi yakumbuyo kuika ya mano 19, ndi tcheni yatsopano yotalikirapo pang'ono. Giya yoyamba inatsika kufika mamita 2.3, ya 8 kufika 7.1, yomwe ikadali pafupi ndi makilomita 30 paola. Kachitsulo kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo koma kanasintha njinga yonse, magiya onse 8 anayamba kugwira ntchito ndipo chitunda chija ndimakwera nditakhala, malaya osanyowa.

Musapitirire nazo muyeso komabe. Opanga mahabu amaika malire a kuchepa kwa mano akutsogolo poyerekeza ndi akumbuyo, chifukwa ukapepukitsa kwambiri mphamvu yolowa m'habu imachuluka nkuyamba kudya timano tamkati. Ine ndinaimira pa 2 kwa 1, mano 38 kwa 19, ndipo musanasinthe onani kabuku ka habu yanu. Onaninso ngati sipuloketi yaikuluyo ikwane mu bokosi la tcheni, yanga inakwana mwamwayi, kutsala pang'ono kukhuza.

Nanga magiya atatu ndi okwana? Ngati komwe mumayenda ndi kosalala, ulendo wosapitirira makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndithu ndi okwana, ndipo habu ya atatu ndi yopepukirapo, mkati mwake muli zinthu zochepa zoti zithyoke, makaniko ambiri angathe kuitsegula osachita mantha. Vuto lake ndi mipata, kuchoka pa 2 kupita pa 3 kumalemera ndi gawo limodzi mwa atatu nthawi imodzi, nde pamakhala malo pomwe 2 ndi yopepuka kwambiri 3 ndi yolemera kwambiri, umangosinthasintha osakhutira. Zakale zambiri zinkabwera ndi mano 46 kutsogolo 18 kumbuyo, zolemera zedi, anthu odziwa amaika ya 21 kapena 22 kumbuyo kuti giya 3 ikhale yoyendera tsiku ndi tsiku, 2 ya mphepo, 1 ya chitunda. Pakati pa 7 ndi 8 ine ndingatenge 8, osati chifukwa cha giya imodzi yowonjezerayo koma poti yoyamba yake ndi yotsika kwambiri, ya 7 imayambira pa 0.632. Mipata ya pa 8 siyofanana yonse, kuchoka pa 1 kupita pa 2 ndi pa 5 kupita pa 6 pamadumpha kwambiri kuposa pena, umazolowera. Ya 11 sindikuona chifukwa chake pa ulendo wa kuntchito pokhapokha ngati kwanu ndi kumapiri enieni.

Ena amati habu imadya mphamvu kuposa derailleur. Nzoona pang'ono, makamaka pa magiya omwe mphamvu ikudutsa m'timano tambiri, pa 3 ndi 4 ndimamva kakulira kena kosalala komwe pa 5 kulibe. Koma amafanizira ndi derailleur yotsukidwa bwino yothiridwa oilo dzulo, pomwe yanga yakale inali yodzadza mchenga ikulira ngati mbewa. Ulendo womwe unkanditengera mphindi 30 pano umanditengera 33 kapena 34, koma ndikafika sindisinthanso zovala, sindisamba m'manja, nde ndani wachedwa pamenepa.

Kusamala kwake nkochepa mochititsa manyazi. Kebulo yatsopano imatamuka miyezi yoyamba, nde magiya amayamba kudumphadumpha, makamaka apakati. Ine zitayamba ndinaganiza kuti habu yafa, mtima unagunda. Kunalibe kanthu, umaika pa giya 4, umayang'ana pafupi ndi ekiselo kumbali ya tcheni pali timizere tiwiri tachikasu, umapotokola kanati ka pa chosinthira mpaka timizere tija tiyang'anizane, basi yatha, opanda ngakhale sipanala. Pa Nexus 7 ndi chimodzimodzi giya 4, pa Alfine 11 ndi giya 6. Osamayenda nayo ikudumpha poganiza kuti isiya yokha, kudumphako ndi timano tikugwirana theka, ukapitiriza umatiwononga zenizeni. China, osaithira madzi a mphamvu a paipi yotsukira galimoto pafupi ndi habu, madzi akalowa satulukanso. Mahabu ena amasambira mu oilo yemwe amasinthidwa, Rohloff amati pa makilomita 5000 aliwonse kapena kamodzi pachaka, Alfine 11 nayo ndi ya oilo, pomwe Nexus ndi ya girisi, imafunika kutsegulidwa nkuviikidwa mu oilo wake nthawi ikakwana.

Bokosi la tcheni poyamba ndinkaliona ngati chinthu cha azigogo, pano ndi chomwe ndimachikonda kuposa zonse. Chifukwa tcheni siisuntha uku ndi uku, itha kutsekeredwa yonse, mvula siifika, fumbi silifika, buluku silifika. Chaka ndi miyezi inayi ndathira oilo katatu kokha. Pogula onetsetsani kuti ndi lotseka mbali zonse, pali tina tongophimba pamwamba tomwe timateteza buluku koma osati tcheni. Pali njinga zina zomwe mmalo mwa tcheni zili ndi lamba, wodziwika kwambiri ndi wa Gates, safuna oilo konse ndipo ndi wachete, koma lamba samasuka pakati ngati tcheni nde felemu iyenera kukhala yopangidwira zimenezo, yokhala ndi potsegula kumbuyo, simungangomuika pa njinga iliyonse, ndipo kusintha mano monga ndinachitira ine kumafuna lamba wina wautali woyenera.

Tsopano ndikuuzeni choipa chake chenicheni, chomwe wogulitsa sadzakuuzani. Gudumu lakumbuyo. Mwezi wachitatu, madzulo, kukuwaza kamvula, tayala lakumbuyo linaphwa, kamsomali. Pa njinga yakale inali nkhani ya mphindi 10. Apa ndinagwada pambali pa msewu ndikuyang'ana bokosi la tcheni lomwe sindinkadziwa potsegulira, kebulo ya magiya yokoleka mwanjira yomwe sindinkaimvetsa, mkono wa buleki womangidwa kufelemu ndi kabawuti kake, kebulo ya buleki, manati a 15 pomwe sipanala 15 ndinalibe, ndinali ndi tizitsulo tochotsera tayala ndi chubu chatsopano basi. Mlandu unali wanga, palibe wondinamiza, sindinaphunzire. Ndinaikankha makilomita anayi, makilogalamu 19 a chitsulo, tayala likulira pwapwapwa, nsapato zaofesi zili kuphazi.

Loweruka lotsatira ndinakhala pansi nkuphunzira, ndipo si zovuta ukadziwa ndondomeko yake. Umayamba waika giya 1 kuti kebulo ilefuke. Pa kagudumu komwe kebulo imazungulirapo pali kabowo, umalowetsamo alenikiyi ya 2 kapena sipoko yakale nkukankha, kabawuti ka kumapeto kwa kebulo kamatuluka m'malo mwake osamasula kalikonse, ndipo musakamasule ndithu, mukakamasula muyambanso kuyeza utali wa kebulo. Kenako buleki, kenako manati. Pansi pa manati pali mawashala a mitundu okhala ndi kadzino, ntchito yawo nkugwira ekiselo kuti isazungulire m'felemu, wakumanja ndi wakumanzere ndi osiyana, mukawasokoneza kebulo iloza kolakwika ndipo mukawaiwala ekiselo idya felemu. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, mbali zonse ziwiri. Pobwezera muyenera kukoka gudumu kuti tcheni ikhale yosalefuka komanso yosakungika kwambiri, nkuonetsetsa kuti tayala lili pakatikati. Ulendo woyamba zinanditengera ola lathunthu ndi mawu ena osalembeka, pano mphindi 20 kapena 25.

Koma nzeru yomwe inandipulumutsa kwambiri ndinaiphunzira kwa bambo wina wachikulire yemwe anandipeza ndikulimbana nazo, anati mwana wanga gudumu ukuchotseranji? Ukhoza kumata chubu gudumu lili pomwepo. Umagoneka njinga, umatsegula mbali imodzi ya tayala, umasolola chubu kunja chikadali chozinga ekiselo, umapopa pang'ono, umapeza pobowoka ndi khutu kapena timadzi, kukwecha, guluu, chigamba, kuchotsa chomwe chabaya mkati mwa tayala, kubwezera. Gudumu umachotsa pokhapokha chubu chang'ambika kapena valavu yaduka. Nde m'chikwama changa pano mumakhala zigamba, guluu, pampu yaing'ono ndi sipanala 15. Ndinagulanso matayala aja okhala ndi mphira wokhuthala mkati, Schwalbe Marathon Plus, ndi olemera ndipo kuwavalika pa limu koyamba kumafuna zala zamphamvu, koma chiwaikireni sindinagwadenso pamsewu. Mukamagula njinga yotere uzani wogulitsa aike matayala otero isanatuluke m'sitolo, makamaka lakumbuyo. Ndipo samalani ndi saizi, pali matayala awiri osiyana omwe onse amatchedwa 28, lina limalembedwa 622 lina 635 pambali pake, salowana ngakhale mutalikakamiza bwanji. La 622 ndi lomwe limapezeka mosavuta ndipo lili ndi mitundu yambiri yosankhapo.

Mabuleki ndinene mwachidule. Anga ndi a mkati mwa habu mbali zonse, ubwino wake mvula sawadziwa, amagwira chimodzimodzi tsiku lililonse, sadya limu, palibe timaraba tosinthasintha. Koma sagwira mwaukali ngati a disiki, umayamba kugwira patali, ndipo mabuleki otsekeredwa amtundu uliwonse amatentha pa chitsetse chachitali, nde amene kwawo kuli zitsetse zoopsa kapena amanyamula mwana kumbuyo aganizire za disiki. Buleki ya pedulo ija yopondera chammbuyo ine sindiikonda mumsewu wa maloboti, chifukwa ukaima sungabweze pedulo kuti ikhale pamwamba ponyamukira, koma ena anakulira pomwepo ndipo saona vuto.

Dainamo ya m'habu yakutsogolo, iyi musaisiye. Si ija yakale yokhuza tayala yomwe inkalira nkumaterera mvula ikagwa, iyi sumva nkomwe kuti ikugwira ntchito, imapereka mavoti 6 mawati 3, nyale zake za LED zimakwana kuona msewu osati kungooneka chabe, ndipo zambiri zimakhalabe zoyaka kwa mphindi zingapo ukaima. Palibe kutchaja, palibe kuiwala, palibe wokuchotsera poti ndi zomanga ndi mabawuti. Ine ndimazisiya zoyaka usana ndi usiku.

Kulemera nde kumene kungakubwezeni. Ndinaiyeza, makilogalamu 19 opanda chikwama, ndipo kulemerako kwachuluka kumbuyo poti habu yokha imapitirira kilo imodzi ndi theka. Ikamayenda sumva, koma ngati mumakhala pamwamba ndipo muyenera kuikweza masitepe tsiku lililonse, mudzaida pasanathe mwezi. Ine ndimaisunga pansi nde sizindikhudza. Sitandi yomwe inabwera nayo inali ya mwendo umodzi yowonda, ukaika katundu pakaliyala njinga inkagwa, opangawo apa ananyenga ndithu, njinga yolemera chonchi kuipatsa kamwendo ka udzudzu. Ndinaika ya miyendo iwiri, yomwe imathandizanso pomata chubu chifukwa gudumu limakhala m'mwamba. Loko uja womangirira pafelemu wotseka gudumu lakumbuyo ndi wabwino poima pang'ono, koma saletsa munthu kuinyamula yonse, nde unyolo wina ukufunikabe.

Pokayesa m'sitolo musangozungulira pakhomo nkumwetulira. Pemphani mupite nayo pomwe pali kachitunda, ikani giya 1 muone ngati mukukwera mutakhala. Imani, sinthani kuchoka pa yolemera kufika pa yopepuka, nyamukani. Khotani mwamphamvu muone ngati mahandulo sakugunda mawondo. Yang'anani komwe ekiselo yakumbuyo imalowa, kukhale kotalika kolola gudumu kusuntha chammbuyo kuti tcheni ikungike, apo ayi pakhale njira ina yokungira, ena amaika kagudumu kolendewera komwe kamabweretsanso theka la mavuto omwe mukuthawa. Felemu yotsika pakati ija musaiope kuti ndi ya amayi, ukaika chikwama chachitali kapena kampando ka mwana kumbuyo kuponya mwendo pamwamba kumavuta, ine ndinatenga ya mtanda chifukwa cha manyazi opanda pake ndipo nditati ndigulenso ndingatenge yotsika. Ndiye funsani wogulitsayo akuonetseni kuchotsa gudumu lakumbuyo pomwepo inu mukuona. Akayamba kuzembazemba dziwani kuti ikadzavuta sadzakuthandizani. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, yesani giya iliyonse mukukankha ndithu, ikadumpha timizere tachikasu tili poyang'anizana isiyeni, ndipo gwedezani gudumu uku ndi uku mumve ngati mabeling'i akhwepa.

Mnzanga wina yemwe amapalasa makilomita 25 kupita kokha anaibwereka sabata imodzi, anaibweza Lachitatu akuti ikumuchedwetsa ndipo mphepo yamumaliza, ndipo sanalakwe, pa mtunda wotero nanenso ndikanafuna yopepuka yowerama. Mkazi wake anaiyesa tsiku lomwelo kupita nayo kogula zinthu, pano akumuvutitsa kuti amugulire yake, ya magiya atatu yofiira.

Yanga mwezi wamawa ikupita kwa makaniko kukatsukidwa habu koyamba, ndachedwa nayo kale ndikudziwa, kakulira ka pa giya 4 kaja kayamba kumveka kwambiri mmawa kukazizira. Ndamuuziratu kuti sindiisiya nkuchoka, ndikhala pomwepo ndikuonerera mmene amasololera zamkatizo, ndipo gudumu ndichotsa ndekha iye akuyang'ana, andiuze pomwe ndimalakwitsa pokunga tcheni chifukwa nthawi zonse ndikabwezera imakhala ndi pena pothina pena polefuka.